Ian Curtis: ankagwa khunyu pa siteji, anthu n'kumaombera m'manja

Pali T-shirt ina yakuda imene mwina munaionapo pa Instagram, pa TikTok kapena pa mulu wa kaunjika. Ilibe nkhope ya munthu. Pachifuwa pali timizere toyera tokhotakhota, tosanjikizana ngati mapiri ooneka patali m'mamawa. Ambiri amene amaivala amangoti ndi dizaini yabwino, basi. Komatu chithunzi chimenechi ndi chikuto cha chimbale chotchedwa Unknown Pleasures, chimene bandi ya ku England ya Joy Division inatulutsa mu 1979. Timizereto ndi mafunde ochokera ku nyenyezi ina yakutali imene akatswiri a ku Cambridge anaitulukira mu 1967.

Amene ankaimba m'chimbalecho anali mnyamata wina dzina lake Ian Curtis. Anamwalira pa 18 Meyi 1980 ali ndi zaka 23 zokha. Bandi yake inali itajambula zimbale ziwiri, ndipo chachiwiricho iye sanachione chili m'sitolo. Magulu akuluakulu ngati U2, Radiohead ndi The Killers anatengera zambiri ku bandi imeneyi. Koma chimene chandichititsa kulemba za Ian si kutchuka kwakeko. Mnyamatayu ankadwalira poyera, pamaso pa chinamtindi cha anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo ankayesa sitayelo.

Mwana wanzeru wa ku Macclesfield

Ian Kevin Curtis anabadwa pa 15 Julayi 1956 ku Stretford, m'mbali mwa mzinda wa Manchester, koma anakulira ku Macclesfield, katauni kamene kale kankadziwika ndi mafakitale a nsalu za silika. Bambo ake anali wapolisi. Kwawo sikunali kolemera, koma mwanayu mutu unkagwira. Ali ndi zaka 11 anakhoza mayeso amene anamupezetsa malo pa King's School, sukulu yapamwamba ya m'tauniyo. Ankakonda ndakatulo ndi mbiri yakale, ndipo ankamvera kwambiri David Bowie, Lou Reed, Iggy Pop ndi Jim Morrison wa The Doors.

Sanali mngelo ayi. Sukuluyo inkatuma ana kukacheza ndi okalamba m'nyumba zawo, ndipo Ian ndi anzake ankapezerapo danga loba mankhwala a agogowo n'kumakamwa kuti aone mmene angamvere. Tsiku lina ali ndi zaka 16 zinamuvuta mpaka anakatsitsimukira kuchipatala. Maphunziro anawasiyira panjira. Anayamba ntchito m'sitolo yogulitsa zimbale ku Manchester, kenako analowa ntchito m'boma.

Pa 23 Ogasiti 1975 anakwatira Deborah Woodruff. Iye anali ndi zaka 19, mkaziyo 18. Tangoganizani, anzanga: pa msinkhu umene ambiri a ife timakhala tikulimbana ndi ma fomu a ku koleji, mnyamatayu anali kale ndi banja, ntchito ya mu ofesi komanso ngongole ya nyumba. Mu 1977 banjali linakhazikika m'kanyumba ka pa Barton Street ku Macclesfield. M'nyumbamo Ian anali ndi kachipinda kake komwe ankadzitsekera, fodya ali pakamwa, n'kumalemba mawu a nyimbo m'makope.

Usiku umene unadzutsa Manchester

Manchester ya m'ma 1970 musaiyerekeze ndi imene mumaiona pa TV Man City kapena Man United ikamasewera. Mzindawu unalemera kale ndi nsalu za thonje, koma pofika nthawiyi mafakitale ambiri anali atatsekedwa. Nyumba zosungiramo katundu zinali mabwinja, makoma akuda bii ndi utsi, ntchito zikusowa. Ku Hulme boma linamanga nyumba zosanja zikuluzikulu zimene zinayamba kuwonongeka pasanathe n'komwe zaka zingapo. Achinyamata analibe kolowera.

Pa 4 Juni 1976, anyamata awiri amene ankayambitsa bandi ya Buzzcocks, Howard Devoto ndi Pete Shelley, anaitana gulu la ku London la Sex Pistols kuti lidzaimbe mu holo yaing'ono ya Lesser Free Trade Hall. Anthu amene anabwera anali pafupifupi 40 okha. Sex Pistols inkaimba mtundu wa nyimbo wotchedwa punk: zaphokoso, zothamanga, zaukali, zosafuna kuti munthu akhale dolo pa gitala. Mwa anthu ochepawo munali Bernard Sumner ndi Peter Hook, anyamata a ku Salford amene ankadziwana kuyambira ku sukulu. Anatuluka muholomo ali ndi maganizo amodzi: ngati awa akutha, ifenso tikhoza. Kutacha, Hook anakagula gitala ya besi asakudziwa n'kuigwira komwe.

Sex Pistols inabweranso pa 20 Julayi, ndipo ulendo uno Ian ndi Deborah analipo. Patapita miyezi, Sumner ndi Hook anamata chidziwitso m'sitolo ya zimbale kuti akufuna woimba. Ian anaimba foni, ndipo poti ankaonana kale m'mashoo, anamulemba pompo osamuyesa n'komwe mawu. Bandiyo anaitcha Warsaw, potengera nyimbo ina ya David Bowie. Shoo yawo yoyamba inali pa 29 Meyi 1977 ku Electric Circus, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anapeza woimba ng'oma wokhazikika, Stephen Morris, yemwenso anaphunzira pa King's School.

Kumayambiriro kwa 1978 anasintha dzina kukhala Joy Division poopa kusokonezana ndi bandi ina ya ku London ya Warsaw Pakt. Dzina latsopanoli lili ndi mbiri yonyansa. Analitenga m'buku la House of Dolls, momwe likuimira gulu la akazi amene ankakakamizidwa kugona ndi amuna m'ndende za chipani cha Nazi. Chikuto cha kachimbale kawo koyamba chinalinso ndi chithunzi cha mwana wa gulu la achinyamata a Hitler akuimba ng'oma. Anthu anawanena kuti ndi okonda Nazi, iwo anakana, koma chitonzocho chinawatsata kwa zaka. Kachimbaleko, An Ideal for Living, anakajambula ndi ngongole ya mapaundi 400 imene Ian anatenga ku banki ponama kuti akufuna kugula mipando ya m'nyumba.

Makalabu a kuseri

Kuti mumvetse moyo wa Ian, muyenera kudziwa malo amene nyimbozi zinkaimbidwa. Sanali malo a anthu ovala masuti. Electric Circus inali chinyumba chakale chakutha ku Collyhurst, dera losauka, ndipo inatsekedwa mu Okutobala 1977. Rafters inali kalabu ya m'chipinda chapansi pa Oxford Street. Pips, kumene anaimba koyamba ndi dzina la Joy Division pa 25 Januwale 1978, inali disiko yapafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo. Ku Liverpool kunali Eric's. Mawailesi akuluakulu sankaziseweretsa nyimbo zimenezi masana. Uthenga unkayenda kudzera m'mapositala, m'timagazini tolemba pa taipi, m'nyuzipepala za nyimbo ngati NME, komanso pa pulogalamu ya usiku ya John Peel pa BBC Radio 1. Facebook kunalibe, aise. Munthu ukafuna kudziwa bandi yatsopano, umayenera kupita wekha n'kukaimirira mu utsi wa fodya.

Pa 14 Epulo 1978 ku Rafters kunali mpikisano wa mabandi ang'onoang'ono. M'kalabumo munali Tony Wilson, mtolankhani wa Granada TV amene ankakonda kuonetsa mabandi atsopano pa kanema. Ian anamupita n'kumutukwana chifukwa chosaika bandi yawo pa TV. Joy Division inakwera pa siteji usiku kwambiri, anyamatawo atakwiya ndi kudikira, ndipo anaimba ngati akumenyana ndi munthu. Wilson anagoma. DJ wa pamalopo, Rob Gretton, naye anagoma mpaka anakhala manejala wawo. Pa 20 Sepitembala chaka chomwecho Wilson anawaonetsa pa TV.

Wilson yemweyo ndi mnzake Alan Erasmus anayamba kubwereka Russell Club ku Hulme masiku ena, n'kumaitcha The Factory. Kuchokera m'kalabu imeneyi munabadwa kampani ya zimbale ya Factory Records. Dilu yake inali yachilendo: phindu ankagawana pakati ndi pakati, ndipo nyimbo zinkakhalabe za bandi, osati za kampani.

Apa m'pamene mawu oti post-punk akubwera. Amatanthauza nyimbo zimene zinabwera punk itaphwa mphamvu. Achinyamata anasunga mtima uja woti chita wekha, osadikira kampani yaikulu, koma anatopa ndi kungokuwa. Ku London kunali Public Image Ltd, Wire ndi Siouxsie and the Banshees, ku Leeds kunali Gang of Four, ku Manchester kunali The Fall, Magazine ndi A Certain Ratio. Joy Division inachepetsa liwiro. Besi ya Hook ndi imene inkatsogolera nyimbo m'malo mongoperekeza, ng'oma za Morris zinkagunda mosaphonya ngati makina, gitala ya Sumner inkangolowa apo ndi apo ngati mpeni, ndipo pamwamba pa zonsezo panali mawu a Ian, akuluakulu, akuya, ngati a bambo wa zaka 50.

Mu Epulo 1979 anajambula Unknown Pleasures ku Strawberry Studios ku Stockport. Wojambula wake, Martin Hannett, anali munthu wovuta koma waluso. Ankajambula ng'oma iliyonse payokha, n'kuwonjezeramo phokoso la galasi likusweka ndi la chikepe cha m'nyumba zosanja. Hook ndi Sumner sanasangalale, ankaona ngati wawachotsera ukali umene ankakhala nawo pa siteji. Koma chimbalecho chitatuluka mu Juni, olemba za nyimbo anachiyamikira kwambiri. Chikuto chija anakonza ndi Peter Saville, ndipo kutsogolo kwake sanalembepo dzina la bandi kapena la chimbale.

Matenda afika

Nthawi yonseyi Ian ankagwirabe ntchito m'boma. Ku ofesi ya za ntchito ku Macclesfield, udindo wake unali wothandiza anthu olumala ndi odwala kupeza ntchito, ndipo ankaigwira ndi mtima wonse. Kumeneko ankabwera mtsikana wina wodwala khunyu, amene nthawi zina ankagwa ali mu ofesi momwemo. Kenako anasiya kubwera, ndipo Ian anadzamva kuti anamwalira ndi matendawo. Nyimbo ya She's Lost Control inachokera pa nkhani imeneyi.

Pa 27 Disembala 1978 Joy Division inakaimba koyamba ku London, pa bala ya Hope and Anchor. Anthu anabwera ochepa. Pobwerera usiku, ali m'galimoto, Ian anayamba kuphupha thupi lonse, ndipo anzakewo anathamangira naye kuchipatala. Pa 23 Januwale 1979 madokotala anatsimikiza kuti ali ndi khunyu. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo mwana wawo wamkazi anabadwa pa 16 Epulo.

Khunyu, kapena kuti matenda akugwa, imayamba mphamvu ya magetsi imene imayenda mu ubongo ikasokonekera kwa kanthawi. Munthu amene ali ndi matendawa amalangizidwa kugona mokwanira, kupewa mowa, kupewa kutopa kwambiri, ndipo ena magetsi ophethiraphethira amawagwetsa. Tsopano onani ntchito imene Ian anasankha: kuimba pakati pausiku, m'chipinda chotentha, chaphokoso, mowa uli ponseponse, magetsi akuthwanima, kenako n'kukwera galimoto maola angapo kubwerera kunyumba kuti m'mawa akalowe mu ofesi. Chilichonse chimene dokotala akanaletsa, ntchitoyi inali nacho.

Mankhwala amene ankamwa, kuphatikizapo phenobarbital, anali amphamvu. Anthu amene ankakhala naye anaona kuti akusintha: lero wansangala, mawa wokwiya, mkuja wangoti ndwii osayankhula. Galimoto sankaloledwa kuyendetsa. Mwana wake ankaopa kumunyamula kuti angagwe naye. Munthu amene ntchito yake inali yothandiza odwala khunyu ankadziwa bwino lomwe kumene matendawa angamufikitse, ndipo ankadziwanso mmene anthu amawaonera odwalawo.

Kavinidwe kamene kanasokoneza anthu

Ian anali ndi kavinidwe kakekake. Ankaima chilili, maso ali tong'o ngati sakuona munthu, kenako manja n'kuyamba kuzungulira mothamanga, zigongono zikuponyedwa uku ndi uku, miyendo ikupondaponda pamalo amodzi. Makanema ake alipo pa YouTube, kaoneni nokha. Kavinidweka anakayamba asanapezeke ndi matenda, koma kankafanana kwambiri ndi mmene munthu wa khunyu amachitira akagwa.

Apa ndiye panali tsoka. Ian akayamba kudwala pa siteji, anthu ambiri sankasiyanitsa. Ena ankakuwa mosangalala kuti shoo yafika pachimake. Ena ankati waledzera kapena wamwa mankhwala ozunguza bongo. Mbiri itawanda, panalinso ena amene ankabwera kudzaona ngati agwe. Anzake ankamunyamula kupita naye kuseri, n'kumukhazika mpaka atsitsimuke, ndipo nthawi zambiri iye mwini ankaumirira kuti shoo ipitirire. Sankafuna kukhumudwitsa anzake, amene moyo wawo wonse unali utatsamira pa bandiyi.

Chakumapeto kwa 1979 Joy Division inayenda dziko lonse la Britain ikuperekeza Buzzcocks, ndipo anyamatawo anasiya ntchito zawo za masana. Mu Januwale 1980 anakaimba ku Netherlands, Belgium ndi Germany. Kutchuka kunkakwera, ndalama zinali zisanayambe kuoneka, ndipo kugwa kunkachulukira.

Kunyumba nako kunali moto. Ian anali atayamba kugwirizana kwambiri ndi Annik Honoré, mtsikana wa ku Belgium amene ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lake ku London komanso ankalemba za nyimbo. Deborah ankatsala ku Macclesfield ndi khanda, ndalama zikuvuta, ndipo kumashoo sankafunidwa. M'buku limene analemba pambuyo pake, Deborah anafotokoza Ian ngati mwamuna wansanje, wofuna kulamulira chilichonse, mpaka zovala ndi anzake a mkazi wake. Izi tisazibise chifukwa choti munthuyo ankaimba bwino. Ian ankalephera kusankha, chikumbumtima chinkamudya, ndipo Deborah anayamba zokasudzula ukwati kukhoti.

Mu Malichi 1980 bandi inajambula chimbale chachiwiri, Closer, ku Britannia Row Studios ku London. Mawu a nyimbo zake ndi a munthu amene wathedwa nzeru: manyazi, kudziimba mlandu, kuonedwa ngati chionetsero. Patapita zaka, anzake a mu bandi anavomera poyera kuti mawuwo sankawamvetsera. Ankangomva kuti nyimbo ikukoma. Anadzakhala pansi n'kuwamvetsa mwini wake atapita kale.

Masabata asanu ndi limodzi omaliza

Kumayambiriro kwa Epulo 1980, Joy Division inaimba mashoo anayi m'masiku atatu ku London. Pa 4 Epulo, ku Rainbow Theatre, magetsi ophethira aja anayatsidwa ndipo Ian anagwera pa ng'oma. Atatsitsimuka, bandi inapitabe ku Moonlight Club kukaimba shoo yachiwiri usiku womwewo. Anagwanso.

Patangopita masiku ochepa anayesa kudzipha, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Pa 8 Epulo panali shoo ina ku Derby Hall m'tauni ya Bury. M'malo moilepheretsa, anakonza zoti oimba a mabandi ena, Alan Hempsall wa Crispy Ambulance ndi Simon Topping wa A Certain Ratio, agwirizire, ndipo Ian anamutenga kuti adzaimbeko pang'ono. Anaimba nyimbo zochepa n'kutsika. Anthu amene analipira kuti aone Ian Curtis anakwiya, mabotolo anayamba kuuluka, ndipo panabuka ndewu yoopsa. Ian anadziona ngati wolakwa ndi iyeyo.

Pamenepa tiime kaye. Munthu wayesa kuchotsa moyo wake, ndipo mawa lake ali pa siteji. Amene anamuzungulira sanali anthu oipa mtima. Tony Wilson ndi mkazi wake anamusunga kunyumba kwawo kwa masiku angapo, Sumner nayenso anamusunga, mashoo ena anawalepheretsa. Koma ambiri anali anyamata a zaka za m'ma 20, okulira m'chikhalidwe chimene mwamuna sadandaula, ndipo Ian akanena kuti ali bwino, iwo ankakhulupirira chifukwa ndi zimene ankafuna kumva. Akuluakulu amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Mwambiwu timaunena ngati kuti ng'omayo imang'ambika yokha, chonsecho pamakhala anthu amene akuiomba osaipumitsa.

Shoo yomaliza inali pa 2 Meyi ku University of Birmingham. Bandi inali ikukonzekera ulendo wake woyamba wa ku America, loto la woimba aliyense wa ku England. Loweruka pa 17 Meyi Ian anapita kunyumba ya pa Barton Street. Anakambirana ndi Deborah za ukwati wawo, kenako anamupempha kuti amusiye yekha usikuwo. M'bandakucha wa Lamlungu pa 18 Meyi, anadzipha. Deborah ndi amene anamupeza. Mwana wawo anali ndi chaka chimodzi ndi mwezi umodzi.

Anthu akhala akukangana kuti chinamupha n'chiyani: matenda, mankhwala, ukwati, mantha a ulendo wa ku America, kapena matenda a maganizo amene sanathandizidwe mokwanira. Kuloza chimodzi n'kunama. Zonsezi zinamugwera pamodzi munthu wa zaka 23.

Zimene zinatsatira

Nyimbo ya Love Will Tear Us Apart inatuluka mu Juni 1980 n'kufika pa nambala 13 pa ndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Closer inatuluka mu Julayi n'kufika pa nambala 6. Deborah analembetsa dzina la nyimbo ija pa mwala wa chikumbutso ku manda a ku Macclesfield. Mwalawo unabedwa mu 2008, anaikapo wina.

Anyamata atatu otsalawo anali atapangana kale kuti wina akadzachoka, dzina la bandi lidzasintha. Anakhala New Order, Sumner n'kukhala woimba, ndipo Gillian Gilbert analowa kudzaimba kiyibodi ndi gitala. Atapita ku New York anakopeka ndi makalabu a kumeneko, ndipo nyimbo zawo zinayamba kupendekera ku dansi ya makina. Blue Monday ya mu 1983 inagulidwa kuposa nyimbo ina iliyonse yotuluka pa mbale yaikulu ya mainchesi 12.

Mu Meyi 1982, Factory Records ndi New Order anatsegula kalabu yawoyawo, The Haçienda, m'chinyumba chimene kale ankagulitsiramo maboti pa Whitworth Street West. Ndalama za zimbale za Joy Division ndi New Order ndi zimene zinkaiyendetsa. Zaka zoyambirira inkakhala yopanda anthu masiku ambiri, ngakhale kuti Madonna anaimbamo mu Januwale 1984 asanatchuke kwenikweni. Pofika 1988, nyimbo za house zochokera ku Chicago zitafika, Haçienda inakhala imodzi mwa makalabu otchuka kwambiri padziko lonse. Koma anthu ankamwa mapiritsi a ecstasy m'malo mogula mowa pa bala, magulu a zigawenga analowerera ndi mfuti, ndipo kalabuyo inkangodya ndalama. Factory Records inagwa mu Novembala 1992, Haçienda inatsekedwa mu Juni 1997, ndipo pamalopo pano pali nyumba zogona za anthu opeza bwino.

Deborah anatulutsa buku lake, Touching from a Distance, mu 1995. Mu 2007 Anton Corbijn, amene anawajambulapo zithunzi anyamatawa Ian ali moyo, anapanga filimu ya Control kuchokera m'bukulo.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Pa intaneti pali chizolowezi chomutenga Ian ngati chithunzi chokongola cha chisoni: mnyamata wa jasi lalitali, fodya m'manja, kumbuyo kuli chipale. Ena mpaka amayankhula ngati imfa yake inali mbali ya luso lake. Bodza limenelo. Imfayo inasiya mkazi wamasiye wa zaka 23, mwana amene anakula osawadziwa bambo ake, ndi anzake amene akhala akudzifunsa mafunso moyo wawo wonse. Anzakewo anapitiriza kuimba mpaka kumera imvi. Iye sanaone Haçienda, sanaone America, sanamve nyimbo yake ikuimbidwa ndi ochemerera mpira m'masitediyamu.

Khunyu si nkhani ya ku England yokha. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ambiri mwa iwo m'maiko osauka, ndipo anthu 7 mwa 10 alionse akhoza kusiya kugwa atalandira chithandizo choyenera. Kwathu kuno munthu akagwa pamsika kapena m'kalasi, ena amathawa poopa kuti malovu ake awapatsira, ena amati walodzedwa, ndipo masiku ano ena amatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Khunyu sipatsirana. Munthu akagwa, chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, makamaka moto ndi madzi, muikireni chofewa kumutu, musamupanikize, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kuphuphako kukasiya, mugonekeni cham'mbali ndipo mukhale naye mpaka adzuke bwinobwino. Kukapitirira mphindi zisanu, thamangirani naye kuchipatala. Ndipo ngati mankhwala a khunyu akukusinthani khalidwe kapena akukugwetsani mphwayi, musawasiye panokha, zimenezo n'zoopsa. Kauzeni adokotala, mankhwala alipo amitundu ingapo.

Mbali inayo ndi ya ife amene timakhala pafupi ndi oimba, ma DJ, ndi anzathu wamba. Mnzanu akamalemba mastatasi a imfa usiku uliwonse, akamatulutsa nyimbo zongonena zotsanzika, musangoikapo ka emoji ka moto n'kudutsa. Muimbireni. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsako sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata woyankhula. Akati ali bhobho koma maso akunena zina, funsaninso mawa. Inu okonza mashoo, woimba akadwala bwezani ndalama za anthu, shoo idzachitika tsiku lina. Ndipo ngati amene wathedwa nzeruyo ndi inuyo, uzani munthu mmodzi lero lomwe, kaya m'bale, kaya mnzanu, kaya wachipatala. Pa chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi mukhoza kufunsa za chithandizo cha matenda a maganizo, ndipo kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati mukuopa kupita nokha, pemphani mnzanuyo akuperekezeni.